Njinga yosenza fodya ingasenzenso pemphero

Mwezi wa Epulo ukafika misewu ya m'boma la Kasungu imasintha nkhope. Mvula imakhala ikutsazika, zigafa zadzaza, majeke akudinda mabelo usana ndi usiku, ndipo malole amayamba kundondozana kulowera kumsika wa fodya wa Chinkhoma, ena mpaka ku Kanengo mumzinda wa Lilongwe. M'mphepete mwa malole amenewa mumadutsa mwakachetechete wantchito wina amene sitimutchula kawirikawiri, chonsecho ndiye wasenza chidikha chonsechi kwa zaka zambiri. Wantchito ameneyu ndi njinga yakapalasa.

Njinga ndiyo imatuta thumba la feteleza kuchokera patauni kufika kumunda. Ndiyo imathamangitsira mayi wodwala kuchipatala cha Mtunthama kapena cha Nkhamenya pakati pa usiku. Ndiyo imadyetsa banja la mnyamata wa kabaza, ndiponso ndiyo imafikitsa mkulu wa mpingo ndi katekisiti kunthambi zakutali kumene mbusa kapena wansembe amafikako mwa apo ndi apo. Kwa Chulu, kwa Santhe, kwa Wimbe, ku Chamama ndi kwa Kaluluma, munthu wopalasa makilomita 40 kapena 50 tsiku limodzi sadabwitsa aliyense.

Tsono funso lathu lero ndi ili: ngati njinga imatifikitsa kulikonse kumene mimba ndi thumba zatituma, kodi singatifikitsenso kumene mtima ukulakalaka kukacheza ndi Mulungu? Tiyeni tilingalire za ulendo wa kumalo oyera woyenda panjinga, chiyambi chake, njira zimene tili nazo, ndi zimene umafuna kwa munthu.

Ulendo wotere si wachilendo

M'buku la Deuteronomo mutu 16 timamva kuti Aisraele ankayenera kukaonekera pamaso pa Mulungu katatu pachaka: pachikondwerero cha mkate wopanda chotupitsa, cha masabata ndi cha misasa. Ziwiri zomalizirazi zinkagwa panyengo yokolola. Mlimi ankati akatuta dzinthu, asanayambe kuwerengera phindu lake, ankamanga kamba n'kunyamuka kukathokoza mwini mvula, atatenga mphatso molingana ndi madalitso amene walandira. Masalimo 120 mpaka 134 amadziwika kuti ndi nyimbo za anthu amene ankakwera zitunda zopita ku Yerusalemu.

Banja la Yosefe ndi Mariya nalo linkayenda ulendo umenewu chaka ndi chaka panyengo ya Paska, monga momwe Luka akutifotokozera m'mutu 2. Kuchokera ku Nazarete unali mtunda wa makilomita oposa 100, woyenda masiku angapo pansi, ndipo susiyana kwenikweni ndi wochokera pa Kasungu boma kufika ku Lilongwe, umene ndi wa makilomita pafupifupi 130. Ankayenda m'chigulu cha achibale ndi anansi, n'chifukwa chake anatha tsiku lathunthu asanazindikire kuti mwana Yesu, amene anali ndi zaka 12, watsalira kumbuyo.

Wina angafunse kuti, nanga Mulungu sali paliponse? Zoonadi ali paliponse, ndipo Ambuye Yesu anauza mayi wa ku Samariya kuti kupembedza koona sikudalira phiri kapena mzinda. Koma ife anthu ndi amene timafunika kuchoka. Pakhomo pali phokoso la ngongole, la mitengo ya kumsika, la milandu ya malire a munda. Munthu akasiya zimenezi kwa masiku atatu kapena anayi, makutu a mumtima amatseguka, ndipo amayamba kumva zimene Mulungu wakhala akumuuza chaka chonse.

Kodi kupalasa n'kuzemba mavuto?

Alipo amene amati ulendo woyera ndi wapansi basi, wokwera chinthu akuzemba mtanda. Tisafulumire kuweruza. M'buku la Machitidwe mutu 8 muli mwana wa Africa mnzathu, nduna yosunga chuma cha mfumukazi ya ku Itiyopiya, amene anapita kukapembedza ku Yerusalemu atakwera galeta. Filipo atakumana naye sanamudzudzule chifukwa cha magudumu. Anakwera naye limodzi, namumasulira buku la Yesaya limene ankawerenga, mpaka anamubatiza m'madzi a m'mbali mwa njira yomweyo.

Akhristu a maiko ena anaithetsa kale nkhaniyi. M'dziko la Spain muli mzinda wa Santiago de Compostela, kumene mwambo wa mpingo umati kuli manda a mtumwi Yakobe, ndipo anthu akhala akupitako kwa zaka zoposa 1,000. Njira yotchuka kwambiri imayambira ku Saint-Jean-Pied-de-Port m'dziko la France, ndipo ndi ya makilomita pafupifupi 800. Akuluakulu a tchalitchi cha kumeneko amapereka chikalata kwa amene watsiriza ulendo, malinga ngati wayenda pansi makilomita osachepera 100 kapena wapalasa njinga makilomita osachepera 200. Aliyense amanyamula kabuku kamene amadinditsa m'matchalitchi ndi m'malo ogona monga umboni wa kumene wadutsa. M'chaka cha 2023 anthu oposa 400,000 analandira chikalata chimenechi, ena mwa iwo apanjinga. Taonani nzeru yake: wapanjinga samukana, koma amamupempha mtunda wowirikiza kawiri, kuti naye thukuta limuchoke.

Kuno ku Africa tili ndi Namugongo m'dziko la Uganda, kumene chikhamu cha anthu chimasonkhana pa 3 Juni chaka chilichonse. Patsiku limeneli m'chaka cha 1886, anyamata otumikira kubwalo la mfumu Mwanga II anatenthedwa pamoto chifukwa chokana kutaya chikhristu. Mwa amene anaphedwa pakati pa 1885 ndi 1887, mpingo wa Katolika umakumbukira anthu 22, amene Papa Paulo VI anawalengeza kukhala oyera mu 1964, ndipo mpingo wa Anglikani umakumbukira 23. Mpaka lero ena amayenda pansi kwa masabata kuchokera kumadera akutali a Uganda ndi kumaiko oyandikana nawo monga Kenya.

Ambiri a ife ndalama zokafikira ku Spain kapena ku Uganda sitidzazigwira m'manja. Koma njinga tili nayo, miyendo yozolowera mtunda tili nayo, ndipo malo okumbutsa ntchito za Mulungu m'dziko muno alipo.

Njira ili pakhomo pathu

Taganizani za msewu wa M1. Wonyamuka pa Kasungu m'bandakucha amasiya phiri la Kasungu kumbuyo, n'kudutsa pa Chinkhoma, n'kuwoloka mtsinje wa Bua kulowa m'boma la Dowa. Kutsogolo kuli Madisi, Mponela, Mtengowanthenga, Lumbadzi ndi Kanengo, kenaka mzinda wa Lilongwe. Ndi msewu womwewo umene fodya wathu amadzera popita kokagulitsidwa. Mkhristu wa Katolika angatsirizire ulendo wake patchalitchi chachikulu cha Maula, likulu la arkidayosizi ya Lilongwe. Wa CCAP angawonjezere makilomita ena pafupifupi 50 kuti akafike patsinde pa phiri la Nkhoma, pamene mishoni inakhazikitsidwa mu 1896. Wa Anglikani angalunjike kum'mawa, kutchalitchi chakale cha All Saints ku Nkhotakota, pamene anaikidwa Bishopu Chauncy Maples atamira panyanja mu 1895. Koma popeza msewu wake umadutsa m'nkhalango ya nyama zakuthengo, n'kofunika kuyamba wafunsa kwa oyang'anira nkhalangoyo. Paja safunsa anadya phula.

Malo amenewa ali ndi mangawa athu. Uthenga Wabwino sunagwe kuchokera kumitambo, unafika ku Kasungu ndi miyendo ya anthu. Amishoni a Livingstonia anatsegula malo awo ku Kasungu m'chaka cha 1900 motsogozedwa ndi Dr George Prentice, ndipo m'zaka za m'ma 1920 ntchitoyi inaperekedwa m'manja mwa amishoni a ku Nkhoma. Buku Lopatulika limene agogo athu anaphunzirira kuwerenga linasindikizidwa mu 1922, pambuyo pa zaka zambiri za ntchito yomasulira imene anatsogolera William Murray pamodzi ndi aphunzitsi a m'dziko muno. Aphunzitsi, alaliki ndi makatekisiti oyambirira ankayenda mitunda imeneyi kulibe tala, kulibe milatho yodalirika. Choncho amene wapalasa kuchokera ku Kasungu kukafika ku Nkhoma kapena ku Maula akungobweza mwendo, monga amachitira munthu waulemu amene anayenderedwa ndi mnzake.

Mnyamata wamphamvu angathe kufika ku Lilongwe tsiku limodzi, koma umenewo ndi mpikisano. Ulendo wa pemphero ugawidwe masiku awiri kapena atatu, kugona pa Madisi kapena pa Mponela, kuti pakhale nthawi yoima, yowerenga Mawu ndi yokhala chete. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Nyengo yabwino ndi ya pakati pa Meyi ndi Ogasiti, mvula itatha, dzuwa la Okutobala lisanayambe kuswa mtengo, ndiponso ntchito ya nazale isanatipanikize.

Zoyenera kukonza tisanakwere

Choyamba kukonza si njinga, ndi pakhomo. Tonse tikudziwa zimene ndalama za fodya zachita m'mabanja ena. Bambo amanyamuka kuti akukatenga ndalama kubanki, n'kutha sabata kapena mwezi osaoneka, n'kubwera m'thumba muli mbee, pamene mayi ndi ana amene anawokera, kupalira, kuthyola ndi kusoka fodyayo akungoyang'ana kunjira. Ulendo wa kumalo oyera usakhale dzina latsopano la khalidwe lakale lomweli. Amene akufuna kunyamuka akhale pansi ndi banja lake, awerengere limodzi zimene zapezeka, asiye ufa, ndiwo ndi fizi ya ana, ndipo anene tsiku lobwerera.

Chachiwiri ndi malipiro a antchito. M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa dongosolo la matenanti, komabe m'minda yambiri muli anthu amene amagwira ntchito miyezi yonse ya dzinja akudikira msika kuti alandire zawo. Kalata ya Yakobe mutu 5 imachenjeza kuti malipiro obisidwa a okolola ali ndi mawu, ndipo mawuwo amakafika kwa Mulungu. Mwini munda amene wapalasa makilomita 130 kukagwada kuguwa, koma wasiya waganyu wake akulira, adzapeza kuti dandaulo la waganyuyo lafika kale iye asanatsike panjinga. Ambuye Yesu anaphunzitsa pa Mateyu 5 kuti wokumbukira mangawa ali kuguwa ayambe wakayanjana ndi mbale wake. Kwa ena a ife, makilomita ovuta kwambiri paulendo wonsewu ndi awiri okha opita kunyumba ya mlamu amene sitilankhulana naye.

Zikatha izi, tiyang'ane njinga. Mabuleki agwire mbali zonse ziwiri. Tcheni chithiridwe mafuta ndipo chisakhale cholendewera. Masipoko othyoka abwezeretsedwe, matayala operepeseka asinthidwe, chishalo chikhale pamlingo woti bondo lisapindike kwambiri popalasa. Gulu lililonse likhale ndi pampu, chubu chapadera, zigamba, sulushoni ndi masipanala. Pakeliyala pamangidwe madzi okwanira, kamba monga mbatata yootcha, mtedza ndi nthochi, chofunda cha usiku wa Juni, ndi Baibulo lokutidwa bwino. Mneneri Eliya asanayambe ulendo wake wautali wa ku Horebu, mngelo anamudzutsa kawiri kuti adye ndi kumwa. Kusala kudya kuli ndi nthawi yake, koma si pachitunda dzuwa lili paliwombo. Odwala matenda a mtima, a shuga kapena othamanga magazi ayambe aonana ndi achipatala, ndipo amene ali pamankhwala a tsiku ndi tsiku asawaiwale.

Tinenenso mosabisa kuti msewu wa M1 wadya miyoyo ya apanjinga ambiri, makamaka nyengo ya msika pamene malole amachuluka. Tiyende kumanzere, mondondozana, osati mophatikizana n'kumacheza. Tivale zowala zooneka patali. Dzuwa likamapendeka tikhale titafika pogona, pakuti njinga yopanda nyali usiku ndi msampha. Kukhulupirira kuti Mulungu amateteza sikutipatsa chilolezo chomuyesa. Ndi bwinonso kutenga kalata yochokera kwa mbusa kapena wansembe, ndi kudziwitsiratu mipingo ya m'njira, kuti tisawadzidzimutse ndi alendo 20 nthawi ya chakudya chamadzulo.

Zimene msewu umaphunzitsa

Phunziro loyamba limabwera pachitunda choyamba. Chilichonse chimene tamanga pakeliyala timachilipira ndi ntchafu zathu. Wokwera minibasi angatenge zosafunika, wapanjinga amazindikira msanga kuti zofunikadi pamoyo ndi zochepa. Katundu wa mumtima nayenso amatero. Chakukhosi, nsanje ndi mantha a mawa zimalemera kuposa thumba la chimanga, ndipo maola ambiri opalasa mwakachetechete amapatsa munthu mpata woti azitchule mayina n'kuzitula.

Phunziro lachiwiri ndi la gulu. Liwiro la ulendo si la mnyamata wa njinga yatsopano, ndi la mayi kapena bambo amene ali kumapeto. Tayala la mmodzi likaphwa, onse amaima. Wina amagwira njinga, wina amafufuza pobooka, wina amapopa. Apa ndi pamene mpingo umaoneka bwino kuposa Lamulungu m'mawa, pakuti mwini esiteti ndi womugwirira ntchito amatuluka thukuta lofanana ndipo amamwera botolo limodzi. Amene sangathe kudikira mnzake pa Bua sadzapindula kanthu pofika msanga pa Maula.

Phunziro lachitatu ndi la mphepo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mwera umawomba kuchokera kummwera chakum'mawa, kotero wochokera ku Kasungu kupita ku Lilongwe amalimbana nawo maso ndi maso. Umapalasa mwamphamvu koma mtunda ukuoneka ngati sukutha. Ndi mmene limakhalira pemphero la mayi amene wakhala zaka akupempherera mwana wolowerera, kapena la mlimi amene fodya wake wabwezedwa kumsika kachiwiri. Palibe njira yachidule, koma kupondabe pedulo limodzi pambuyo pa linzake. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Tikumbukirenso nyali ya dayinamo imene njinga zambiri zakale zinali nayo: imawala pokhapokha gudumu likuzungulira. Mwana wa kwa Wimbe, William Kamkwamba, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, anaona mphamvu imeneyi n'kupanga makina oyendera mphepo opangira magetsi, pogwiritsa ntchito zidutswa za njinga ya bambo ake ndi dayinamo. Chikhulupiriro chili chimodzimodzi. Chikaima chimazima, chikamayenda chimaunikira ndi ena omwe.

Phunziro lachinayi ndi lodzichepetsa. Paulendo wotere munthu amene kwawo ndi wolemekezeka amapempha madzi pachitsime cha mudzi umene sakudziwika, amagona pamphasa m'kalasi ya sukulu ya mpingo, amadya chimene wapatsidwa. Kukhala mlendo kwa masiku atatu kumatiphunzitsa mmene amamvera anthu ochokera ku Mulanje, ku Thyolo kapena ku Phalombe amene akhala akubwera kudzagwira ntchito m'minda ya fodya ya kuno, kutali ndi abale awo.

Otsala nawonso ali paulendo

Si onse angapalase. Pali agogo, odwala, amayi oyembekezera ndi amene atsala kuyang'anira ziweto ndi ana. Asadzione ngati otsalira pamadalitso. Angapatsire opita zopempha zawo, angagwirizane ola lopempherera limodzi ngakhale ali kutali, ndipo wina angabwereketse njinga yake kwa mnzake amene alibe. Chimodzimodzinso mabanja ndi magulu a amayi a m'mipingo ya m'njira amene amatereka madzi osamba ndi kuphika nsima ya alendo. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma dalitso la womulandira limatsala. Ndipo mpingo umene sungathe kufika ku Lilongwe ungasankhe malo apafupi: tchalitchi chimene chinabala nthambi yawo, kapena manda a mlaliki amene anayambitsa mpingo m'dera lawo.

Pobwerera ndiye pagona nkhani

Kufika kumalo oyera n'kokoma. Pali kugwada, kulapa, kuyimba, kupereka chopereka cha zokolola. Koma muyeso wa ulendo uli pobwerera. Ophunzira awiri a ku Emausi atazindikira Ambuye ponyema mkate, sanamange msasa pamenepo, anabwerera ku Yerusalemu nthawi yomweyo kukauza anzawo. Nduna ya ku Itiyopiya nayo inapitiriza ulendo wa kwawo ili yokondwa.

Amene adzatiuze ngati ulendo wathu unali woona si m'busa wa ku Nkhoma kapena wansembe wa ku Maula. Ndi mayi wa kunyumba, amene adzaone ngati mawu athu afewa. Ndi ana, amene adzaone ngati tayamba kupemphera nawo madzulo. Ndi waganyu, amene adzaone ngati chaka chino muyeso wathu uli wolungama. Ngati tabwera ndi matuza okha ndi nkhani zodzitamandira za makilomita, ndiye kuti tangolimbitsa thupi.

Choncho, abale ndi alongo, msika wa chaka chino ukatha, tisanayambe kufesa nazale ina, tiyeni tikambirane m'mabanja, m'miphakati ndi m'misonkhano ya akulu ampingo ngati sitingapatule masiku ochepa kuti njinga zathu zitumikire Mwini moyo. Zasenza feteleza, zasenza odwala, zasenza nkhuni ndi makala. Zingasenzenso chiyamiko chathu.

Sabata ino tiwerenge pabanja Deuteronomo 16, Salimo 121, Machitidwe 8 ndi Yakobe 5. Ambuye asunge onse oyenda m'misewu yathu, opita ndi obwerera omwe, ndipo adalitse makomo anu nonse.